Za chigongono chako

South Bend, Indiana

Mwana wanga,

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandizemba. Ndikangotchula mkono, iwe uli "Amayi ndili bwino," nkhani n'kusanduka ya nyengo.

Ndinakuona mu Ogasiti muja usanabwerere kukoleji. Unati uphike nsima kuti ine ndipumeko, koma itayamba kulimba unasinthira mthiko kudzanja lamanzere, nkhope itakwinyika. Pochapa ndinapezanso botolo la ibuprofen m'chikwama chako cha baseball, mutatsala timibulu tingapo. Mlongo wako sanandiuze kanthu, usamukalipire.

Baseball ndinaidziwira ukulu, pamabenchi ozizira aja a Little League, ligi ya ana imene unayambira kuponya mpira, ine amene ndinakulira netball ku Zomba. Koma thupi la munthu ndimalidziwa, ndiyo ntchito imene yakulera. Ululu uli pawiri. Pali kuphwanya kwa minofu ya paphewa ndi kumsana mawa lake ukaponya kwambiri. Kumeneko kumatha ukagona masiku awiri, ndipo sikundidetsa nkhawa. Ndiye pali ululu wobaya, wa malo amodzi, woti ukhoza kuuloza ndi chala, mkati mwa chigongono mbali yoyang'ana kuthupi, umene umabwera mkono ukamachoka kumbuyo kupita kutsogolo. Pamenepo pali kamtsempha kolumikiza mafupa kamene madokotala amakatcha UCL. N'kakang'ono, ndipo nthawi iliyonse ukaponya ndi mphamvu zako zonse kamakokeka mpaka pafupi ndi malire ake. Minofu ikatopa imasiya kukathandiza, katundu yense n'kutsalira iko. Ngati chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zikuchita dzanzi, kapena mpira wayamba kupita kumene sunautume, usadikirenso kuti uone mawa.

Mapiritsi aja sakuchiritsa kanthu. Akungotseka pakamwa chigongono kuti chisakuuze zoona, iwe n'kumapitiriza kuching'amba.

Uli wamng'ono ndiwe amene unandifotokozera za Tommy John, woponya mpira wa baseball uja, lero ndikubwezere. Mu 1974 Dr. Frank Jobe anatenga mtsempha pamkono wamanja wa Tommy n'kumukonzera chigongono chamanzere. Tommy anabwerera, inde, mpaka anasewera kufika 1989. Koma anyamata mumaiwala kuti chaka chonse cha 1975 sanaponye mpira m'ligi. Mpaka pano opareshoni imeneyo imadya chaka, ena chaka ndi theka. Shohei Ohtani, katswiri wa baseball wa ku Japan uja, anaichita mu 2018, mu 2023 anamung'ambanso chigongono chomwecho, iye amene ali ndi madokotala ndi ndalama zonse za dziko lino. Iwe uli ndi inshuwalansi ya amako ogwira ntchito usiku.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Sunabwere ndi scholarship, ukulimbirana malo ochepa ndi anyamata ambiri, ndipo ukuganiza kuti ukangoti "mkono ukundipweteka" kochi akufufuta dzina lako. Mwina akhoza kutero, sindikunamiza. Inenso ndinaganiza choncho chaka chachiwiri titabwera kuno, msana utandigwira ponyamula gogo wina kuchoka pabedi. Ndinakhala chete miyezi itatu kuopa kuti andichepetsera mashifiti, ndikumeza mapiritsi m'chimbudzi. Tsiku lina m'mawa ndinalephera kuvala nsapato. Ukukumbukira kuti unkandimangira zingwe uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri? Ndinakhala pakhomo nthawi yaitali kuposa imene ndikanakhala ndikanaulula sabata yoyamba. Agogo ako akanati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Ine ndinamva mochedwa.

Tsono Lolemba m'mawa, usanagwire mpira, pita kwa trainer wa timu, uja amasamalira osewera ovulala. Umuuze tsiku limene zinayamba, pamene pakupweteka, ndi mapiritsi amene wakhala ukumwa, osachepetsako. Akati upite ku MRI akakujambule mkati mwa chigongono, pita. Akati upume masabata angapo kenako uyambirenso pang'onopang'ono, kuponya pafupi usanabwerere pa mound, kachulu koponyerapo kaja, uchite zomwezo, osati zako zija zokaponyera kukhoma usiku. Kwa kochi upite wekha, asamve kwa ena. Umufunse ngati angakuonenso ukachira. Kamakina kawo koyezera liwiro la mpira kaja kamangowerenga za tsiku limodzi, ndipo mkono wopweteka sungakaonetse zimene umatha.

Bambo ako akuti ndikukulera ngati dzira. Iwowo anasewera mpira wamiyendo ndi bondo lotupa, lero masitepe a kutchalitchi amakwera chammbali. Ndawauza kuti akalankhula nawe asayambe zoti mwamuna salira.

Chithunzi cha khadi la inshuwalansi ndakutumizira pa WhatsApp, mbali zonse ziwiri. Lachinayi sindili pantchito, undiimbire ukatuluka m'kalasi undiuze zimene trainer wanena. Ufa ndi usipa zimene anabweretsa azakhali ako ndazisunga, nditumiza ndi mlongo wako. Nsimayo aphike ndi mnzako wa m'chipinda uja, iwe uzingomuuza pothira ufa.

Ndine amako.