Kalata kwa mwana wanga amene akufuna kupita ku Joni

Wokondedwa mwana wanga,

Moni kuchokera kuno ku Mzuzu. Ndamva kuti maganizo opita ku Joni sunasinthe, ndiponso kuti ukumalimbana ndi anzako pa Facebook ponena kuti munthu wa mu Afirika ali ndi ufulu wokhala paliponse mu Afirika muno. Pamenepo ndili nawe. Makolo athu a ku Mzimba ndi Nkhata Bay adathera mphamvu zawo m'migodi ya kumeneko nthawi ya Wenela ndi TEBA, mabungwe amene ankalemba anthu ntchito za m'migodi, ndiye sizoona kuti zidzukulu zawo zizithamangitsidwa ngati mbava.

Koma ufulu umene ukunenawo andale sadagwirizanepo. Gawo 39 la Malamulo Aakulu a dziko lathu limakulola kutuluka m'Malawi ndi kubwerera; silikakamiza dziko la eni kukulandira. Pangano la African Union la 2018 loti anthu aziyenda momasuka limafuna mayiko 15 alivomereze kuti liyambe kugwira ntchito, koma olivomereza ndi ochepa, monga Rwanda, Niger ndi Mali. Otsutsa, monga a Operation Dudula, gulu la ku South Africa lothamangitsa alendo, amati ntchito ndi zipatala sizikukwanira eni dziko. Ulova kumeneko ulipodi, ngakhale suli chifukwa chomenyera munthu. Nafenso tisadziyeretse: mu 2023 boma lathu lidasamutsa mokakamiza othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni, kuwabwezera ku Dzaleka.

Choncho tamvera zimene zikakugwire pachipata. Ndi pasipoti ya Malawi, ku Beitbridge, polowera m'dzikolo kuchokera ku Zimbabwe, amakupatsa masiku osapitirira 30, ndipo ndi ocheza, osati ogwira ntchito. Usanachoke pawindo, werenga deti limene adinda, poti nthawi zina amapereka masiku ochepa. Ukapyola detilo ndi masiku osaposa 30, potuluka amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi; ukapyola kuposa apo, zaka 5. Akakugwira mkati mwa dziko, njira yake ndi ya ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene umadikira kubwezedwa katundu wako atatsala m'nyumba ya lendi. Chilolezo cha ntchito amapempha munthu asananyamuke, ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe. Kusintha masiku ocheza kuti akhale chilolezo cha ntchito uli kale mkati, malamulo awo a 2014 adatseka.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi matransipota. Ena amakuuza kuti uwapatse pasipoti akakudindire kumalire iwe uli pantchito. Usayerekeze. Chidindo chikasemphana ndi zimene zili mu kompyuta, mlandu wake ndi wachinyengo, ndipo wozengedwa ndiwe, osati dalaivala. Ena amati pasipoti n'njosafunika, akakuwolotsa mtsinje wa Limpopo usiku. Kumbukira mitembo ya anthu a ku Ethiopia imene idapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga, pafupi pompa ku Mzimba, mu 2022. Munthu woyenda mozemba akadwala kapena kuberedwa amaopa kupita ndi kupolisi komwe.

Pazipata zonse, kaya udzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kenako Nyamapanda ndi Beitbridge, tsika m'basi ukadinditse wekha. Jambula tsamba la chithunzi la pasipoti ndi chiphaso chako cha unzika, kope imodzi utisiyire kuno. Pasipoti ikakatayika, kanene kupolisi, utenge kalata yawo upite nayo ku ofesi ya dziko lathu ku Johannesburg kapena ku Pretoria. Ndalama yobwerera uisunge payokha, usaikhudze.

Usanagule tikiti, bwera kumudzi tidzaonere limodzi mapepalawa. Amayi ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.