Kalata ya abusa: mwana wa sukulu akadzipha, anzake otsala tiwasamale bwanji?

Okondedwa mwa Ambuye, akhristu a mpingo wathu kuno ku Mulanje,

Mtendere ukhale nanu. Ndikulemberani za nkhani imene timaikamba monong'ona. Maliro timadziwa kuwayendetsa: adzukulu, amayi a Mvano, aliyense amadziwa pogwira. Chimene sitinakonzekere ndi Lolemba lotsatira, ana akabwerera m'kalasi n'kupeza desiki ya mnzawo ilibe munthu.

Sukulu zathu zambiri zilibe katswiri wa za maganizo. Mtolo wonse umagwera mphunzitsi wolangiza ana, amenenso ali ndi makalasi ake. Tsono inu a mu komiti ya sukulu, a PTA ndi a gulu la amayi, kafunseni ahedi sabata ino: zoterezi zitagwa, akaonane ndi banja ndani, auze ana ndani, alumikizane ndi achipatala ndani? Mayina atatuwa alembedwe kusanagwe kanthu.

Uthenga usalengezedwe pa asembule. Mutagwirizana ndi banja, kalasi iliyonse iuzidwe payokha ndi mphunzitsi amene anawo anamuzolowera, mawu ake akhale amodzimodzi. Njira imene malemuyo anagwiritsa ntchito isatchulidwe, ndipo pasakhale zoti "amupha ndi mayeso" kapena "n'chibwenzi". Chifukwa sichikhala chimodzi. Mwana wina wosenza vuto lomwelo akamva choncho amayamba kuganiza kuti njira yake ndi yomweyo. Zithunzi kapena kalata yotsanzika, chonde musamwaze pa WhatsApp.

M'masiku atatu oyamba lembani ana oti muwayang'anitsitse: abale ake, mnzake wa pamtima, wogona naye chipinda chimodzi, amene anakangana naye, amene anapeza thupi, ndi aliyense amene anayesapo kudzipha. Khalani naye pansi mmodzimmodzi, mumufunse mosazungulira kuti, "Kodi nawenso ukuganiza zodzipha?" Funsoli silimupatsa maganizo oipa ayi, limamupatsa poyambira kulankhula. Akavomera, musamusiye yekha, musamulonjeze chinsinsi. Uzani makolo, ndipo tsiku lomwelo mupite naye ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena ku Mulanje Mission. Pa foni, 116 ndi nambala yaulere yothandiza ana.

Makolo, mankhwala a anankafumbwe, a makoswe ndi opopera m'dimba atsekeredwe ndi loko. Maganizo odzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu n'kuphwa, ndiye zoopsa zikakhala patali mwana amapulumuka.

Pamene timalakwitsa kwambiri ndi apa: sabata ikatha timati zatha. Mphunzitsi wolangiza aonanenso ndi ana aja pakatha mwezi, poyandikira mayeso a MSCE, ndi zotsatira zikatuluka. Mphunzitsi wa kalasiyo nayenso waferedwa, wina azimuyendera.

Pa siwa pasamveke mawu oweruza malemu kapena oloza chala makolo, chifukwa ana amakhala pomwepo akumvetsera. Akulu a mpingo, Lamlungu lino tikaweruka mutsalire, tigawane sukulu zoti tikaziyendere.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.