Samalani poyendetsa hita ndi Arduino

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzathu kuno ku Johannesburg amene akudzipangira makina oswetsera mazira pogwiritsa ntchito Arduino (kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo) ndi hita ya magetsi a 230V.

Mazira a nkhuku amafuna kutentha kwa madigiri 37.5 mpaka 37.8 kwa masiku 21. Sensa ya DS18B20, yokhala ndi resistor ya 4.7k pakati pa waya wa data ndi wa 5V, imauza Arduino mmene mwatenthera, ndipo Arduino imayatsa kapena kuzimitsa hita. Ka relay (swichi yoyendetsedwa ndi magetsi) kotchipa kolira kuti tiki tiki kaja sikayenera ntchitoyi, chifukwa mano ake amapsa n'kumatirirana. Gulani SSR (relay yopanda mano) ya zero-cross, yomwe imayatsa pamene mphamvu ya magetsi ikudutsa pa ziro. Gawani nthawi m'zigawo za masekondi awiri: PID (masamu a mu pulogalamu owerengera mphamvu yomwe hita ipereke) ikati 30 peresenti, hita iyake masekondi 0.6, otsalawo ipume.

Pomwe ambiri amagwa mpoti makinawo akalephera, hita imatsala chiyakire. Waya wa sensa ukathothoka, pulogalamu imawerenga -127. Arduino imayesa kuti mazira azizidwa koopsa, basi n'kuwawotcha usiku wonse. Lembani mu pulogalamu kuti nambala yotsika kuposa 10 kapena yoposa 45 izizimitsa hita pomwepo.

Nayo SSR ikafa, nthawi zambiri imafa ili yoyatsa, ndiye pulogalamu ngakhale italamula bwanji, hita siizima. Pa waya wa live ikani fyuzi ya 2A ngati hita ili ya 200W, kenako thermostat yachitsulo yodula yokha pa madigiri 40. Manambala olembedwa pa ma SSR otchipa musamawakhulupirire kwambiri. Ndipo amene mukufuna kuchita zomwezi pa giza ya 3kW, imeneyo imakoka pafupifupi 13A, SSR yopanda heatsink (chitsulo chochotsa kutentha) ipsa.

Palinso vuto la kuthima kwa magetsi. Arduino ikakhala pa batire koma hita ilibe moto, gawo la I mu PID, lomwe limasonkhanitsa kuperewera kwa kutentha, limangounjika kwa maola onsewo. Magetsi akabwera, kutentha kumapyola muyezo gawolo lisanatsike. Liikireni malire, kapena lizibwerera pa ziro magetsi akathima.

Mawaya a 230V akhale m'bokosi lawolawo, kutali ndi a 5V, chitsulo chilichonse chilumikizidwe ku earth. Yesani makinawo masiku awiri mulibe dzira, thermometer ina ili mkati, ndipo tsiku lachiwiri muzule dala waya wa sensa muone ngati hita izime.

Mmisiri wa zamagetsi,
Rosettenville, Johannesburg