Bleach idaiwala anthu ake osavala nsapato

Akonzi,

Ndiloleni malo pang'ono m'nyuzipepala yanu kuti ndidandaule za nthano ina yojambula ya ku Japan, imodzi mwa zija amati manga, imene ndidawerenga mabuku ake onse 74 ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwawa. Ndikunena Bleach ya Tite Kubo, imene inkatuluka mlungu ndi mlungu m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 2001 mpaka 2016. Ambiri akamaidandaula amatchula mathero ake othamanga, koma ine chondiwawa nchakuti wolembayu adali ndi nkhani yaikulu m'manja mwake, adationetsa kangapo kuti akuidziwa, kenaka adaisiya kuti apeze malo ojambulapo malupanga.

Kwa amene sadaiwerenge, nthanoyi imati munthu akamwalira mzimu wake umapita kudziko lotchedwa Soul Society. Pakati pa dzikolo pali mzinda wa Seireitei, momwe mumakhala mabanja olemekezeka ndi asilikali osunga mizimu otchedwa Shinigami, ndipo kunja kwa mpanda wake kuli Rukongai, dera la anthu wamba logawidwa m'zigawo 320, kutanthauza 80 mbali iliyonse mwa mbali zinayi. Nambala ya chigawo ikamakwera, umphawi ndi kuphana nazonso zimakwera. Munthu sasankha chigawo chimene akafikire, ndipo sizitengera kuti adali wolungama kapena woipa ali moyo. Taganizani kulemera kwa mfundo imeneyi: wavutika pansi pano, wamwalira, ndipo ukudzuka m'sanza kumudzi wa achifwamba, abale ako amene adatsogola osadziwa n'komwe kumene ungawapeze.

Kubo adadziwa kuti apa pali nkhani, chifukwa anthu ake okoma kwambiri adawatenga komweko. Rukia ndi Renji adakulira ku Inuzuri, chigawo cha 78 cha kummwera, akuba madzi ndi kuika m'manda anzawo mmodzimmodzi mpaka adatsala awiri okha, ndipo adalowa usilikali pothawa moyo umenewo. Kenpachi adachokera kuchigawo cha 80, ndipo dzina lakuti Zaraki adalitenga kuchigawocho popeza adalibe lina. Nanga Kaname Tosen, mmodzi wa atsogoleri a asilikaliwo, amene mnzake wamkazi adaphedwa ndi mwamuna wake yemwe, wakuphayo osalandira chilango choyenera? Ameneyu adapandukira Seireitei ali ndi mlandu womveka, koma nthano idamusandutsa chilombo chonga ntchentche, nkumupha, mlandu wake osauzenga.

Pamene ndidagwira pakamwa ndi kumayambiriro kwa gawo lomaliza, lija la nkhondo ndi mtundu wa Quincy, adani a Shinigami. Asilikali adapita kukafufuza mudzi wina wa ku Rukongai umene anthu ake onse adasowa, ndipo adapeza mapazi ambirimbiri osavala kanthu atasakanikirana ndi mapazi a nsapato. Popeza kuzigawo zakutali kulibe munthu wovala nsapato, zidadziwika kuti amene adatenga anthuwo ndi asilikali anzawo. Mtsogoleri wa gulu la 12, Mayuri Kurotsuchi, adavomera pamaso pa mkulu wa asilikali onse, Yamamoto, kuti adalamula kuti anthu 28,000 aphedwe pofuna kuti chiwerengero cha mizimu chifanane pakati pa dziko la amoyo ndi dziko la mizimu. Chimene Yamamoto adafunsa ndi chifukwa chimene sadapemphere chilolezo. Nkhaniyo idathera pamenepo, ndipo Ichigo, ngwazi ya nthanoyi, mnyamata amene adathyola mpanda wa mzindawo kuti apulumutse munthu mmodzi yekha, adapita kunkhondo kukateteza olamulira omwewo popanda kufunsapo za anthu ophedwawo. Wolemba amene adatha kuganizira za mapazi a nsapato pafumbi sangandiuze kuti adalibe luso lolemba chotsatira chake.

Sindikumuweruza ngati kuti sindidziwa mmene ntchito yake inkayendera. Wojambula wa magazini imeneyi amayenera kupereka masamba pafupifupi 19 mlungu uliwonse, ndipo owerenga amatumiza mavoti osonyeza nthano zimene azikonda. Imene ikutsalira m'mbuyo kwa nthawi yaitali imadulidwa. M'dongosolo lotere, mutu umene msilikali akuonetsa mphamvu yatsopano ya lupanga lake, ija amati bankai, umakoka mavoti msanga kuposa mutu wa mayi wa ku Rukongai amene akufunafuna mwana wake. Kubo mwiniwake adanenapo kuti thanzi lake lidafooka m'zaka za kumapeto. Komabe adali ndi mitu 686, ndipo yambiri mwa iyo idathera pa ndewu zoyenda mofanana: wina amenya, winayo amwetulira nkunena kuti sadaonetse mphamvu zake zonse, kenaka asinthana malo. Mitu khumi yokha mwa imeneyi ikadakwana kuti munthu mmodzi wa kumudzi uja apulumuke, alowe mumzinda ndi kufunsa kumene kudapita abale ake.

Ena adzandiyankha kuti zimenezi zidalembedwa pambuyo pake, ndipo akunena zoona pang'ono. Mabuku a Can't Fear Your Own World, amene adalemba ndi Ryohgo Narita, amafukula machimo a mabanja olemekezeka ndi kutchula amene adapha mnzake wa Tosen, ndipo makanema amene adayambiranso mu 2022 adawonjezera zina zimene manga idadumpha. Kwa ine umenewu ndi umboni wondithandiza. Ngati nkhaniyo idali yokwana kudzaza mabuku atatu a wolemba wina, ndiye kuti idalipo nthawi yonseyi, ndipo wowerenga amene adakhala ndi Ichigo zaka 15 adauzidwa kuti akaifune kwina.

Mitu iwiri yomaliza imadumpha zaka khumi. Rukia, mwana uja wa ku Inuzuri, akumuveka mkanjo woyera wa utsogoleri wa gulu la 13, ena mwa anzake akwatirana ndi kubereka, ndipo Mayuri akadali paudindo wake. Ndidatembenuza masambawo kawiri ndikufunafuna chithunzi chimodzi chokha cha zigawo zakutali, mwina chosonyeza kuti kwafika chitsime kapena kuti wina wavala nsapato, koma sindidachipeze. Chimene ndidapeza ndi mtengo uja wophera anthu paphiri la Sokyoku, umene Ichigo adauthyola populumutsa Rukia, ataumanganso.

Ine wanu,
Wowerenga manga