Mwana wanga sakhuta, achibale akuti ndikumumana chakudya

Zikomo Alangizi,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo wamng'ono, wa zaka 5, madokotala anamupeza ndi matenda a Prader-Willi. Atabadwa anali wolobodoka thupi lonse, ankalira motsitsa kwambiri ndipo ankalephera kuyamwa, moti ankamudyetsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Atapitirira zaka 3 zinthu zinatembenuka, chifukwa tsopano sakhuta ngakhale adye bwanji, amadzuka usiku kukafunafuna chakudya, ndipo akunenepa mofulumira ngakhale ndimamugawira chochepa poyerekeza ndi mkulu wake.

Dokotala anatifotokozera kuti majini (malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a thupi lathu) timalandira awiriawiri, lina kwa mayi lina kwa bambo, koma alipo ena ochepa amene thupi limagwiritsa ntchito la kholo limodzi lokha, linalo n'kukhala lotsekeka. Pa kachigawo kena ka kromozomu 15 (kromozomu ndi kaulusi ka m'selo konyamula majini), majini ochokera kwa bambo ndiwo amagwira ntchito, ndipo akasowa, majini ochokera kwa mayi sangalowe m'malo mwake. Zimenezi zimasokoneza mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus, imene imauza munthu kuti wakhuta, komanso mwana amakhala ndi minofu yochepa, choncho thupi lake limafuna chakudya chochepa pamene njala yake ndi yosatha.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi cha pakhomo. Amuna anga atangomva kuti majini osowawo ndi a bambo anayamba kudziimba mlandu, ngakhale dokotala ananena kuti mwa odwala pafupifupi 70 pa 100 alionse kachigawoko kamangotayika mwangozi, ndipo ena ambiri mwa otsalawo amakhala atalandira makromozomu 15 onse awiri kwa mayi. Apongozi anga nawo akuti kutsekera mwana chakudya ndi nkhanza, ndipo ndikachokapo amamupatsa mobisa. Sindiwada, pakuti mwana akamalira atagwira pamimba inenso mtima umandiwawa, koma njala yakeyo ndi yeniyeni ndipo chakudya sichiithetsa, pomwe kunenepa kwambiri kungamubweretsere matenda a shuga ndi vuto lobanika kutulo.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi apongozi anga ndiwafotokozere motani mwaulemu kuti amvetse zoti chifundo chawocho chikumuvulaza mdzukulu wawo? Nanga amuna anga ndiwalimbikitse bwanji, popeza akukana zoberekanso ndipo safuna n'komwe kuti tikayezetse kuti tidziwe ngati vutoli lingagwerenso mwana wina?

Ine,
Mayi wodandaula