Kalata Yothokoza Dipatimenti ya Mano ku Kamuzu Central Hospital

Area 25,
Lilongwe.

Mkulu wa Dipatimenti ya Mano,
Kamuzu Central Hospital,
Lilongwe.

Okondeka Bambo/Mayi,

KUTHOKOZA CHIFUKWA CHA CHITHANDIZO CHOMWE MWANA WANGA ANALANDIRA

Ndalemba kalatayi m'malo mwa banja lathu pofuna kuthokoza madokotala, anamwino ndi onse ogwira ntchito ku dipatimenti yanu chifukwa cha mmene munathandizira mwana wanga wamkazi wa zaka 20, amene munamuchotsa dzino lomalizira la m'chibwano cham'munsi. Pano wachira, akudya nsima bwinobwino ndipo wabwerera kusukulu. Chonde muwafikitsire mawuwa onse amene anamugwira.

Vutoli linayamba pang'onopang'ono. Dzinolo linangotulukira theka, theka linalo lili pansi pa usinini, moti zakudya zinkalowa m'kati momwe mswachi sufika. Usinini unkatupa, kuphwa, n'kutupanso. Kenako zinafika poti kukamwa sikunkatseguka bwino. Supuni ya phala ankachita kuipendeketsa kuti ilowe, ndipo fungo la m'kamwa linkamuchititsa manyazi kuyankha mafunso m'kalasi. Malangizo kunyumba anali mbwee. Ena amati m'dzinomo muli nyongolotsi, tifukize mankhwala. Ena amati tiike Aspirin pa usinini agone naye. Azakhali ake ndiye ananenetsa kuti munthu akachotsedwa dzino lakumbuyo maso amawonongeka, bola kupirira. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anamupatsa mankhwala ochepetsa kutupa komanso kalata yotitumiza kwa inu, ndipo tinabwera, mantha a azakhali aja tili nawo mumtima.

Chimene ndikuthokoza koposa ndi nthawi imene adokotala anatenga kutifotokozera asanagwire chitsulo chilichonse. Pabenchi panja panali anthu ambiri, ena ochokera maboma akutali, ena atamanga nsalu m'masaya, komabe anatiitana tonse awiri n'kuika chithunzi cha X-ray poyera. Anati munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo anayi omalizira amamera mochedwa, kawirikawiri pakati pa zaka 17 ndi 25, nsagwada itatsala pang'ono kusiya kukula. Malo akachepa, dzino limapanikizika. La mwana wanga linali litagona chammbali, mutu wake ukukankha dzino loyandikana nalo, ndipo likanasiyidwa likanabowola linzakelo. Ine amene sindinaphunzire za chipatala ndinaona ndi maso anga.

Nditafunsa za maso zija, sanandiseke. Anati kuchotsa dzino sikuwononga maso, koma pali mtsempha wina woyenera kusamala nawo, umene umadutsa m'kati mwa nsagwada yam'munsi n'kumachititsa kuti mlomo ndi chibwano zizimva kukhudza. Anauloza pachithunzipo, kamzere kakuda kodutsa pafupi ndi mizu ya dzino. Ananena poyera kuti nthawi zina mtsemphawu ukakhudzidwa munthu amakhala ndi dzanzi pamlomo kwa masabata, ndipo mwa apo ndi apo limakhalitsa. Za Aspirin anati amawotcha usinini komanso amachititsa kuti magazi achedwe kuundana. Anawonjezera kuti mano atatu enawo sawakhudza chifukwa sakuvuta. Kunena zoona, pamenepa m'pamene ndinawakhulupirira, poti munthu amene wakuuza choopsa chenicheni, ukhoza kumumvera akakuuza kuti chinacho n'chabodza.

Ntchito yeniyeniyo sindinaione, ndinali panja. Mwana anandiuza pambuyo pake kuti anamubaya jakisoni wa dzanzi, sanamugoneke tulo. Anang'amba usinini pang'ono, kupala kafupa kamene kanaphimba dzino, kulidula zidutswa n'kumatulutsa chimodzichimodzi, kenako kusoka. Akuti ankamva kukankha ndi phokoso la makina koma osati ululu, ndipo adokotala ankamuuza chilichonse asanachite. Anatuluka ataluma thonje, akuyankhula ndi manja.

Anamwino amene anatipatsa malangizo a kunyumba ndiwatchule mwapadera, chifukwa kuchira konse kunagona pa mawu awo. Anati magazi amene aundane m'dzenjemo ali ngati chivindikiro cha mphika, asachoke. Choncho kwa maola 24 oyamba mwana asachukuche m'kamwa, asalavule mwamphamvu, asamwe chotentha, asamwere pa kapaipi, ndipo lilime lisamapite kukafufuza pabalapo. Maola amenewo akadutsa ayambe kuvumata madzi ofunda othira kamchere akamaliza kudya, modekha, n'kuwasiya atuluke okha. Anatichenjeza kuti kutupa kumakula pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, tisadzathamange kuganiza kuti zalakwika. Koma ululu ukayamba kuchepa kenako n'kubwereranso mwamphamvu mpaka kukhutu, limodzi ndi fungo loipa, ndiye kuti chivindikiro chija chachoka ndipo fupa lili pamtunda. Pamenepo tibwere msanga. Chimodzimodzi akatentha thupi, akamavutika kumeza, kapena magazi akapanda kuleka ngakhale ataluma thonje. Brufen azimwa atadya, Panado pa nthawi yake, Amoxicillin amalize yense ngakhale atamva bwino, ndipo Flagyl sayenderana ndi mowa. Za mowa ndi fodya ananena atamuyang'anitsitsa mtsikanayo, ine mayi wake ndili pompo, ndipo ndinangoti nenani ndithu, ana a masiku ano sitiwadziwa. Atatha anati ndibwereze zonse ndi pakamwa panga, poti mwini wake sakanatha kuyankhula. Pamene ndinaphonya anandikonza.

Kunyumba zinayenda monga momwe ananenera. Tsaya linatupa mpaka anzathu oyandikana nawo anabwera kudzazonda ndi nkhope za nkhawa, ena akunong'ona kuti si tinanena. Ine mtima unali m'malo chifukwa ndinali nditauzidwa kale. Tsiku loyamba tinkakulunga mafilizesi m'kansalu n'kumaika patsayapo, kuchotsa, n'kuikanso, ndipo pogona tinkamukwezera mutu ndi mapilo. Chakudya chinali phala la ufa woyera lozizira, mbatata yophwanya, nthochi zakupsa, chambiko ndi mazira ofewa. Usipa ndinauchotsa kaye pandiwo zake chifukwa cha timinga, pamodzi ndi mtedza, mpunga ndi chimanga chokazinga, zimene zimakonda kukalowa m'dzenje. Mzimbe ndiye sanaukhudze n'komwe, ngakhale amaukonda. Azing'ono ake ankangodandaula kuti nthochi zonse m'nyumba zikupita kwa munthu mmodzi. Kukamwa kunayamba kutseguka pang'onopang'ono, nsima inabwerera timbamu ting'onoting'ono, akutafunira mbali inayo. Dzanzi la pamlomo silinakhalepo. Titabwera kudzachotsa ulusi, anamwino omwe aja anamuzindikira n'kumufunsa ngati madzi amchere sanawadumphe. Azakhali aja nawo anabwera kudzamuona, ndipo mwanayo anawawerengera uthenga wa pafoni yawo wopanda magalasi, tonse n'kuseka.

Ndinaonanso achinyamata ovala zoyera akuphunzira ntchito pafupi ndi madokotala, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene ankamulimbikitsa mwana wanga pamene jakisoni ankalowa. Zinandisangalatsa, podziwa kuti mpaka mu 2019, pamene maphunziro a udokotala wa mano anayamba ku College of Medicine, imene pambuyo pake inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, Mmalawi wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja. Madokotala a mano m'dziko muno akadali ochepa kwambiri, ndipo ngati ophunzirawa akutengera kafotokozedwe kamene ife tinalandira, anthu a m'maboma adzapindula nawo.

Pempho langa ndi limodzi. Malangizo aja, ngati n'kotheka, muwalembe m'Chichewa pakapepala koti wodwala azipita nako kwawo, kapena kumata m'buku lake la kuchipatala. Mwana wanga anali ndi ine womumvera, koma pabenchi paja panali ena amene anabwera okha, ndipo munthu amene wangochotsedwa dzino, thonje lili m'kamwa, sangagwire zonse. Mano atatu otsala aja tiziwayang'anira monga munatiuzira, ndipo lina likangoyamba kuvuta tidzabwera lisanatupe.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni pa ntchito yanu.

Ine wanu,
Mayi wa wodwala,
Area 25.