Lipoti la msonkhano wa anthabwala ndi azaumoyo ku Chipata

A Wapampando, a Mlembi, amayi Msungichuma, ndi inu nonse abale ndi alongo a gulu lathu la masewero,

Munandituma ku Chipata, ndapita ndipo ndabwerako bwino. Ndalemba lipotili kuti amene simunafike Lamlungu muwerenge pa foni, komanso kuti nkhani imene ndikufuna tikambirane Loweruka ikupezeni mutaigonera kale. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa amayi Msungichuma pamodzi ndi ndalama yotsala.

Msonkhano unali wa masiku awiri. Kunabwera magulu a masewero a kuno ku Katete, a ku Chadiza, Petauke ndi Lundazi, ndi a m'makomboni a Chipata momwemo, ku Kapata ndi ku Mchini. Kunalinso dokotala mmodzi, anamwino, alangizi a odwala omwe ali pa ma ARV, ndi anyamata awiri amene amaseketsa anthu pa Facebook ndi TikTok. Funso limene tinaitanidwira linali lakuti kodi nthabwala zili ndi malo pamene pali matenda.

Adokotala anayamba ndi kufunsa amene akukumbukira Poceza M'madzulo, nthano zija za a Julius Chongo pa wailesi ya Radio Zambia. Akuluakulu anayamba kumwetulira asanayankhe n'komwe. Bambo wina wa ku Chadiza, kufupi ndi malire, anaimirira n'kuyerekeza mayankhulidwe a Izeki ndi Jakobo a ku Malawi, holo yonse phwete. Onse awiri anatisiya, a John Nyanga mu 2016 ndi a Eric Mabedi mu 2021, koma mawu awo okha anatimasula ife amene tinalowa titauma ngati tabwera pa mlandu. Adokotala anati tiyang'anane kumaso, ndiye phunziro layamba.

Anatiuza za Norman Cousins, mtolankhani wa ku America, amene mu 1964 anadwala matenda oumitsa msana ndi mfundo za mafupa, ululu wake wosagonetsa tulo. Munthuyu anayamba kuonera mafilimu oseketsa, ndipo iye mwini anati akaseka mphindi 10 mpaka m'mimba kuwawa, ankagona maola awiri osamva kupweteka. Adokotala sanabise kuti uwu ndi umboni wa munthu mmodzi, ndiponso kuti anali m'manja mwa dokotala wake nthawi yonseyo. Chimene adokotalawo anachikhulupirira kwambiri ndi kafukufuku wa a Robin Dunbar ndi anzawo a ku yunivesite ya Oxford, wa mu 2011. Pa kafukufukuyo anthu ena anawaonetsa makanema oseketsa, ena makanema wamba, kenako n'kuwaveka chinthu chozizira kwambiri pamkono, kapena kuwafinya ndi lamba wopimira BP. Amene anaseka anapirira nthawi yaitali kuposa anzawo. Akuti thupi likamaseka zenizeni, kuseka kogwedeza nthiti, limatulutsa timadzi totchedwa endorphin timene timaziziritsa ululu, ndipo anthu amaseka motero makamaka akakhala pagulu. Anatchulanso za ku New York, kumene mu 1986 a Michael Christensen anayambitsa zoti anthu ovala mphuno zofiira aziyenda m'mawodi a ana kukawasangalatsa.

Atatero anasintha nkhope. Anati wina asachoke pano n'kukalengeza kumudzi kuti kuseka ndi mankhwala. Kuseka sikutsitsa viral load (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi), sikutsitsa shuga, ndipo wa TB adzamwabe mapilitsi ake miyezi 6 yonse ngakhale aziseka m'mawa ndi madzulo. Wa mphumu kuseka kwambiri kungamuyambitsire kubanika, ndipo mayi wongochitidwa opaleshoni bala limamukoka. Ntchito ya nthabwala, m'mawu awo, ndi kufikitsa munthu pakhomo pa chipatala ndi kumuthandiza kubweranso mwezi wamawa. Izi ndinazilemba mawu ndi mawu chifukwa ife timakonda kunena pomaliza sewero kuti “sekani muchire”, ndipo ndikuona kuti tisiye.

Tsopano ndifike pa chimene chandisowetsa tulo.

Masana a tsiku loyamba anapempha magulu kuti aonetse zimene amachita kwawo. Gulu lina linaonetsa sewero la mnyamata wa khunyu amene amagwa pa chikwati, kutulutsa thovu, anthu n'kubalalika kuthawa, wina n'kumulowetsa supuni m'kamwa. Anasewera mwaluso ndipo ambiri tinaseka, ine ndemwe. Litatha, mayi wina wa gulu la ku Lundazi anaimirira. Sanakalipe. Anati ali ndi mwana wamkazi wa khunyu, ndipo tsiku lina sewero ngati lomweli linachitika pa sukulu ya mwanayo. M'mawa mwake anzake anayamba kudzigwetsa pansi akamuona, n'kumanjenjemera mwadala. Mwanayo anakana kupitanso kusukulu mpaka temu inatha. Mayiyo anafunsa kuti: “Inu mukamatseka sewero lanu mumati khunyu sipatsirana, koma mawu amenewo ana sanawatenge. Anatenga kugwa kuja. Ndiye munaphunzitsa chiyani?”

M'holo munati zii. Namwino wina anawonjezera kuti ngakhale supuni ija ndi cholakwa chimene anthu akachiona pa sewero amakachichita kunyumba. Wogwa khunyu salowetsedwa kanthu m'kamwa. Timam'chotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumuika chofewa kumutu, n'kumugoneka cham'mbali mpaka atatsitsimuka.

Abale anga, pamene mayiyu amalankhula ine ndimaona sewero lathu lija la bambo wachifuwa. Mukulidziwa: jekete lalikulu lolendewera, lamba womanga kawiri, ufa kumilomo, kutsokomola mpaka kugwira mawondo, mkazi wake n'kumakuwa kuti “kanayaka!”, kunena kachilombo ka Edzi. Palibe sewero lathu limene anthu amalikonda kuposa limeneli, ndipo talichita kangapo pabwalo la kiliniki tsiku lomwe anthu amabwera kudzatenga mankhwala. Ndakhala ndikudzifunsa kuti pa mzere uja, amene sanaseke anali angati, ndipo mwezi wotsatira anabweranso kapena ayi. Sindinayang'anepo nkhope zawo chifukwa maso anga amakhala kwa oseka.

Mlangizi wina wachikulire anatikumbutsa kumene tachokera. M'zaka zija anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ndipo wina akangoonda pang'ono amasanduka nthabwala ya pa mowa. Anthu ankafera m'nyumba kuopa kusekedwa. Zinatengera a Kenneth Kaunda kunena poyera mu 1987 kuti mwana wawo Masuzgo anamwalira ndi Edzi, ndi a Winstone Zulu kuimirira mu 1990 n'kuuza dziko kuti ali ndi kachilombo, kuti pakamwa pa anthu payambe kumasuka. Kuyambira 2005 ma ARV amaperekedwa ulere m'zipatala za boma, ndipo lero ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku, ali onenepa, akulima, akubereka ana opanda kachilombo. Munthu wa jekete lolendewera uja ndi wa zaka 30 zapitazo, koma ife tikumuukitsa Lachisanu lililonse pamaso pa mnyamata amene akuganiza zokayezetsa.

Sikuti msonkhano unagamula kuti tisiye kuseketsa anthu. Gulu la ku Petauke linationetsa njira, ndipo sindinasekepo chotero chaka chino. Mwamuna amabisa botolo lake la ma ARV m'denga la nkhokwe, mkazi amabisa lake m'chidebe cha ufa. Ikakwana eyiti koloko usiku mwamuna amati akukaona mbewa kunkhokwe, mkazi amati akukaona ngati ufa ukwanira mawa. Mbewa za pakhomopo zimabwera pa nthawi yake ndendende, ufa nawo umayezedwa tsiku ndi tsiku. Aliyense amakatenga mankhwala ku kiliniki yakutali kuti asaonedwe, wina akunama kuti akupita kumaliro, wina kumsika. Mapeto ake akumanizana pa benchi imodzi, aliyense khadi lake m'manja. Mwamuna akuti, “Maliro aja asamukira kuno?” Mkazi akuti, “Inde, ndipo msika nawo wabwera kudzapepesa.” Anthu anagwa m'mipando. Ndinayang'ana alangizi aja, amene ena a iwo anatiuza okha kuti ali pa mankhwala, ndipo ndiwo amaseka kwambiri, ena akupukuta misozi. M'sewero lonselo palibe amene anaonda kapena kutsokomola. Chimene timaseka chinali kubisa ndi mabodza ake, ndipo wodwala amaseka nafe chifukwa akuzidziwa bwino kutiposa.

Tsiku lachiwiri m'mawa kunali kukangana ndithu. Mmodzi wa anyamata a pa Facebook anati nthabwala yopanda woluma siseketsa, ndipo iye amadya chifukwa cha anthu oonera makanema ake. Akachita za munthu wothawa ku chipatala cha odwala maganizo cha Chainama oonera amachuluka, akachita za kusamba m'manja palibe amene amadina. Sindimuweruza mnyamatayu, ananena zoona zake ndipo lendi amalipira yekha. Koma agogo ena a ku Chadiza anamuyankha bwino. Anati kuseketsana pa chisoni si chinthu chimene tachiphunzira kwa azungu. Pa maliro a Chichewa adzukulu amasereula, kuyerekeza mayendedwe a malemu, mpaka wofedwa kumwetulira misozi ili m'maso. A Bemba akabwera pa maliro a kum'mawa kuno amatipaka ufa n'kutinyodola mwachimbuya, ifenso timakabwezera kwawo. Koma amene amaloledwa kutero ndi yemwe wakumba manda, watunga madzi, wachezera usiku wonse pa siwa. Mlendo wodutsa akayesa nthabwala yomweyo, amathamangitsidwa. Agogowo anafunsa mnyamata uja ngati anakhalapo usiku umodzi ndi banja limene lili ndi wodwala maganizo. Anayankha kuti ayi. Anati, “Kachezere kaye, ukabwerako udzatiseketsa, ndipo iwonso adzaseka.”

Namwino wa odwala maganizo anatenga pomwepo. Anati dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo mu 2019, m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda limene linkatchula odwala ndi mayina onyoza, koma mayinawo atsala m'kamwa mwathu. Kenako anatembenukira kwa ife oseketsa. Anatchula Robin Williams wa ku America, amene anaseketsa dziko lonse koma anadzipha mu 2014, ndipo atamupima anapeza kuti anali ndi matenda a ubongo amene sanadziwike ali moyo. Anati woseketsa akakhala chete anthu amati “tiseketseni”, palibe womufunsa kuti wadzuka bwanji. Buku la Miyambo nalonso limati mtima ungawawe munthu ali mkati moseka. Ine ndinaganiza za ife eni. Mnzathu akajomba kokonzekera sewero kawiri timam'lipiritsa faindi, koma sindikumbuka tsiku limene tinatuma munthu kukamuona kunyumba. A Wapampando, ndikupempha kuti ichi chilowe m'malamulo athu, kuti kukamuona kuziyamba, za faindi pambuyo.

Panakambidwanso za kolera, pokumbukira mliri wa 2023 mpaka 2024 umene unasandutsa bwalo la Heroes ku Lusaka chipatala n'kuchedwetsa kutsegulira sukulu. Anapempha magulu kuti mvula isanayambe tikonze masewero a zimbudzi, madzi othira klorini ndi kusamba m'manja. Apa panalibe mtsutso, chifukwa bambo wouma mutu wokana kukumba chimbudzi tingamuseke mmene tingafunire. Za ndalama zothandizira magulu sanalonjeze kanthu, ndipo ndikunena izi kuti wina asayembekezere.

Chimene tinagwirizana tonse n'chakuti sewero lililonse lonena za matenda lizionetsedwa kaye kwa anthu amene ali ndi matendawo, kapena owasamalira, lisanapite pabwalo. Iwo akanena kuti apa pakubaya, pachotsedwe, ngakhale patakhala poseketsa chotani. Chinanso, namwino azimva mawu onse okhudza mankhwala kuti tisaphunzitse zolakwa monga supuni ija. Ine ndinakweza dzanja m'malo mwanu pa zonse ziwiri. Ngati ndinapitirira malire a zimene munandituma, mundiuze Loweruka.

Pempho langa ndi lakuti sewero la bambo wachifuwa tiliimitse kuyambira Lachisanu likubwerali. Ndikudziwa kuti achimwene amene amavala jekete lija analikonza ndi mtima wonse, ndipo luso lawo ndi limene limatiitanitsa m'midzi. Sindikuwaloza chala, tonse tinawomba m'manja. Luso lomwelo likhoza kunyamula bambo wina: wonenepa bwino, wolimba, amene wasiya mapilitsi a BP chifukwa akuti mutu unaleka kuwawa, ndipo akuphunzitsa anzake pa bawo kuti madokotala sadziwa kanthu. Bambo ameneyu tonse timamudziwa, ndipo akadziona pabwalo adzaseka n'kupita kukapimitsa.

Pobwerera ndinadzera kwa mlangizi wa pa kiliniki yathu. Wavomera kufunsa a gulu la anthu omwe ali pa ma ARV ngati atatu kapena anayi angabwere kudzaonera masewero athu onse, lija lachifuwa tiyambire, kuti atiuze okha. Ngati alola, adzafika Loweruka 14 koloko pansi pa mtengo wathu wa nthawi zonse. Amayi Msungichuma, ndalama yotsala ija ikwanira shuga ndi masamba a tiyi a alendowo. Achimwene, jekete libwere.

Ndine nthumwi yanu.